Msana Ndiwo Usankhe Chikwama

Ana anga ndi adzukulu anga a kuno ku Mchinji, masiku ano mwayamba kukonda maulendo a pansi, ndipo ine zimandikondweretsa. Ena Loweruka mumalawirira kukakwera mapiri a m'nkhalango ya Mchinji, cha uko kumene mtsinje wa Bua umayambira. Ena mumapita kumisonkhano ya achinyamata a mpingo ku Kapiri, ku Mkanda kapena ku Ludzi n'kukagona m'makalasi. Enanso mumawoloka pa Mwami kukaonerera Kulamba kapena Nc'wala. Zonsezi n'zabwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chomwe chili kumsana kwanuko. Mukaima pa Kamwendo kudikira minibasi, chikwama chimakhala chili lendee mpaka kumatako, zingwe zitalowa m'mapewa, mutu utaweramira kutsogolo. Munthu wotere amafika patsinde pa phiri atatheratu mphamvu, ndipo pobwerera amalumbira kuti sadzakweranso phiri, chonsecho chomwe chamuzunza si phiri ayi, koma chikwama.

Nkhani yosenza si yachilendo m'dera lathu lino. Boma lathuli linkatchedwa Fort Manning, Chipata ali Fort Jameson, ndipo misewu ya galimoto isanalambulidwe katundu wa atsamunda ankayenda pamitu ya anthu. Njanji idafika kuno mu 1980, n'kudzalumikizidwa ku Chipata mu 2010, dzulodzuloli. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland adatengedwa kukagwira mtengatenga. Aliyense ankasenza mtolo woposa makilogalamu 20 tsiku ndi tsiku, ndipo ambirimbiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Palibe ankawafunsa ngati mtolowo ukulemera. Inu muli ndi ufulu umene makolo amenewo adalibe, woti chonyamula mumadzisankhira nokha. Ufulu umenewu musauseweretse podzisenzetsa zinthu zimene palibe wakutumani.

Ambiri zimawasokonekera pamsika pomwepo. Munthu amayamba wagula chikwama, kenako n'kumafunafuna zoti adzazemo. Chikwama chachikulu sichikhuta: mpata uliwonse wotsala umakunyengerera kuti uikemo nsapato zina, jinzi yachiwiri, sipika ya nyimbo, mafuta onunkhira. Inu yambirani kwinaku. Yalani mkeka pakhonde, muikepo chilichonse chimene mukufuna kupita nacho, kenako mugwire chimodzichimodzi n'kudzifunsa kuti, kodi ichi ndikachisiya chindichitikire n'chiyani? Ngati vuto lake ndi lakuti simudzaoneka otchena, chibwerere m'nyumba. Ngati mungadwale, kusochera kapena kugona ndi njala chifukwa chochisiya, chimenecho chipite nanu. Mulu umene watsala pamkekapo ndiwo ukuuzeni kukula kwa chikwama choti mukagule.

Kukula kwa zikwama amakuyeza m'malita, ndipo kawirikawiri nambala yake imalembedwa pakansalu kam'kati kapena pambali, monga 20L kapena 40L. Kuti mumvetse, ganizirani chigubu chotungira madzi cha malita 20 chija. Paulendo wopita m'mawa n'kubwerera madzulo, chikwama cha malita 20 kapena 25 n'chokwanira. Mumalowa madzi, kamba, juzi, chipewa, chodzitetezera ku mvula, tochi, kampeni, foni ndi timankhwala. Paulendo wokagona usiku umodzi, onjezani bulangeti lopepuka, neti ya udzudzu, zovala zosinthira kamodzi, sopo, mswachi, mbale ndi kapu, ndipo zimenezi zimakwana m'chikwama cha malita 35 mpaka 45. Zikuluzikulu za malita 60 kapena 70 zimene mumaona alendo atabereka ku Lilongwe ndi za anthu oyenda milungu ingapo atanyamula tenti ndi chitofu. Inu zimenezo sizikukhudzani. Ngati ndalama ikukwanira chikwama chimodzi chokha, ndipo ambirife ndi momwemo, gulani cha malita 30 kapena 35 chokhala ndi zingwe za m'mbali zomangira, kuti tsiku limene katundu wachepa muzichifinya chisamagwedere.

Tsono kulemera. Odziwa za maulendo a m'mapiri amalangiza kuti paulendo wa tsiku limodzi katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lako, ndipo paulendo wokagona asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye kuti mtsikana kapena mnyamata wa makilogalamu 60 anyamule makilogalamu 6 pobwerera tsiku lomwelo, ndipo asapyole 12 akamakagona. Musayeze ndi dzanja, dzanja limanama ukadali pakhomo wosatopa. Kuno kwathu sikelo sisowa, ogula mtedza ndi soya ali pamphambano iliyonse. Apempheni akukolowekereni chikwamacho pa sikelo yawo. Mudzadabwa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho botolo la Sobo la malita 2 lodzaza madzi latenga kale gawo lalikulu la muyezo wanu wa tsikulo. N'chifukwa chake chikwama pachokha, chopanda kanthu, chiyenera kupepuka. Cha tsiku limodzi chisafike kilogalamu, chokagona nacho chisapitirire kilogalamu ndi theka. Zilipo zina zokhala ndi matumba khumi, mazipi ponseponse, zitsulo zonyezimira, mwinanso timatayala pansi. Chilichonse mwa zimenezo mudzachisenza inuyo kukwera nacho chitunda, ndipo palibe chimene chidzakuthandizeni kumeneko.

Apa tsopano tcherani khutu, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Yang'anani mmene amayi anu amaberekera mwana akamapita kudimba. Samulekerera kuti alendewere kumatako. Amamukweza, thupi lake n'kumamatira kumsana, mbereko n'kuimanga zolimba kuti mwana asamagwedezeke mayi akamayenda, ndipo kulemera kwake kumatsikira m'chiuno. Chikwama chabwino chimagwira msana motero. Mapewa ali ndi minofu yochepa ndipo satenga nthawi kutopa, pamene chiuno ndi miyendo ndiye mwini wake wa katundu. Choncho chikwama chokagona nacho chisasowe lamba wa m'chiuno, wotambalala ndi wofewa m'kati. Lambayo akhale pamafupa a m'mbali mwa chiuno, osati pamimba, ndipo mukamumanga bwino mumamva mapewa akupumula nthawi yomweyo. Ngati simukumva kusintha kulikonse, lambayo ndi wokongoletsera chabe. Pachikwama chaching'ono cha tsiku limodzi kalamba kopyapyala n'kokwanira, ntchito yake n'kuletsa chikwama kudumphadumpha mukamatsika pamiyala.

Kuti lambayo afike pamalo pake, utali wa chikwama ugwirizane ndi utali wa msana wanu, osati msinkhu wanu wonse. Anthu awiri ofanana msinkhu amatha kusiyana misana, wina miyendo yaitali msana waufupi. Weramitsani mutu mugwire kumbuyo kwa khosi, mupeza kafupa kotumphuka. Gwiraninso m'chiuno, pamwamba pa mafupa a m'mbali aja. Mnzanu ayeze ndi chingwe kuchokera pakafupa ka pakhosi kutsika mpaka pamzere wa mafupa a m'chiunowo. Chingwe chimenecho pitani nacho kumsika, mukachiyerekeze ndi mtunda wa pakati pa lamba ndi pamene zingwe za m'mapewa zasokedwera. Zingwe za m'mapewazo zikhale zotambalala ngati zala zitatu, zokhala ndi siponji yolimba yomwe ukaifinya imabwerera. Zisakhudze khosi, zisalume m'khwapa. Kachingwe ka pachifuwa kolumikiza ziwirizo kamathandiza kuti zisamaterereke. Inu atsikana, musachite manyazi kuyesa zikwama zingapo pamaso pa wogulitsa, chifukwa zambiri zidasokedwa poganizira mapewa a amuna, ndipo zimakanikiza pachifuwa. Chimene chikukupwetekani pamsika chidzakuchekani m'phiri.

Nanga mugule kuti? Ine ndimati yambani mwafufuza pa kaunjika, kaya pa Boma, pa Kamwendo tsiku la msika, ku Chipata kapena ku Lilongwe. M'mabelo mumatuluka zikwama zenizeni za m'mapiri zimene eni ake kunjako adangotopa nazo mtundu, ndipo zimalimba kuposa zambiri zatsopano za m'mashopu zolembedwa maina otchuka koma ulusi wake wosachedwa kuthothoka. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Chikwama musachiweruze ndi kunja, chitembenuzeni muone m'kati. Kokani msoko ndi manja awiri: ngati ulusi ukuonekera mano, chisiyeni. Yang'anitsitsani pamene chingwe cha paphewa chalumikizana ndi thupi la chikwama, chifukwa ndi pomwe zikwama zambiri zimafera. Payenera kukhala posokedwa mobwerezabwereza. Kwezani nsaluyo kudzuwa kuti muone timabowo ndi malo operepeseka, makamaka pansi pake. Pitsani dzanja m'kati, ndipo ngati mukumata kapena mukutuluka tizidutswa toyera tonga mfundu, dziwani kuti utoto wotchinga madzi udatha kale. Zipi itsegulidwe ndi kutsekedwa kangapo chikwama chili chodzaza, chifukwa zipi yofooka imayenda bwino chikwama chikakhala chopanda kanthu. Pakachitsulo kokokera kaja mukaona zilembo za YKK, nthawi zambiri imeneyo ndi zipi yodalirika ya kampani ya ku Japan, ngakhale achinyengo amatha kuzikopera. Tomangira ta pulasitiki tizilira kuti tha! mukatilowetsa, ndipo tisakhale ndi mng'alu. Chingwe chothothoka chisakuopseni ngati nsalu ili yamoyo, wosoka nsapato wa pamsika amachibwezeretsa ndi ulusi wake wolimba uja pamtengo wochepa. Koma nsalu yofumbwa ilibe telala.

Mukakhutira, musapereke ndalama msanga. Pemphani wogulitsa kuti muikemo zolemera, kaya mabotolo amadzi kaya mulu wa zovala zake zomwezo, muchibereke, mumange lamba, muyende nacho uku ndi uku. Weramani ngati mukutola kanthu, yang'anani kumwamba muone ngati chikukugundani kunkhongo, kwezani mwendo ngati mukukwera mwala. Wogulitsa wokana zimenezi ali ndi chimene akubisa. Ndipo chikwama cha laputopu kapena cha mabuku a kusukulu musachikakamize ntchito ya m'phiri. Chidapangidwa kuti chinyamule zinthu zafulati pamtunda waufupi, chilibe lamba, ndipo kumsana kwake sikudutsa mpweya, moti m'mwezi wa Okutobala malaya amanyowa musanathe ndi kilomita yomwe.

Kulongedza nako kuli ndi nzeru yake, moti chikwama chabwino cholongedzedwa molakwika chimazunza chimodzimodzi. Pansi ikani zofewa zimene simuzifuna mpaka usiku, monga bulangeti ndi neti. Zolemera, monga madzi, ufa kapena mpunga, zikhale pakati, zogundana ndi msana. Zikakhala kutali ndi msana zimakukokerani chagada, ndiye mumayamba kuwerama kuti mulimbane nazo. Pamwamba pakhale juzi, chodzitetezera ku mvula, tochi ndi kamba wa panjira. Kunja musamangirire mapoto ndi nsapato zolendewera, zimakola m'zitsamba ndipo zimakugwetsani potsetsereka. Kambayo akhale wouma ndi wokhutitsa: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yootcha, chigumu, kabotolo ka chiponde. Mtedza ndi wathu womwe timalima kuno, ndipo pa kulemera kwake n'zochepa zakudya za m'sitolo zomwe zingaupose mphamvu. Chitenje chimodzi musachisiye, ngakhale inu anyamata. Chimakhala chofunda, chopukutira, choyala, chotchinga dzuwa, ndiponso chomangira mwendo wina akabinya.

Nyengo nayo imasintha zolowa m'chikwama, ndipo miyambo yathu iwiri ya kutsidyaku ikuonetsa bwino zimenezi. Kulamba, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakagwadira Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete, kumachitika kumapeto kwa Ogasiti. Masana kumakhala dzuwa, fumbi ndi mphepo, koma m'bandakucha kumazizira ndithu kwa munthu wogona panja. Kumeneko chofunika ndi juzi, bulangeti ndi madzi okwanira. Nc'wala ya Angoni a Mpezeni ku Mtenguleni imachitika kumapeto kwa Febuluwale, dzinja lili pakati, ndipo mdani wake ndi mvula. Musakhulupirire wogulitsa wokuuzani kuti chikwama chake sichilowa madzi. Mvula ya Febuluwale imalowera m'misoko ndi m'zipi, ndipo ngakhale kansalu kovindikira chikwama kunja sikatchinga mbali ya kumsana. Njira yotsimikizika ndi yotsika mtengo n'kuika thumba lalikulu la pulasitiki yokhuthala m'kati mwa chikwama, kulongedza zonse m'menemo, n'kupotokola kukamwa kwake. Thumba limene mudali mankhwala a mbewu kapena a fodya musaligwiritse ntchito ngakhale mutalitsuka. Foni, machesi, ndalama ndi ziphaso zikhale m'kathumba kawokawo.

Mwina mukuti kuyenda mopepuka n'kwa anthu a ndalama ogula zipangizo zodula. Ayi. Mu 1955 gogo wina wa ku America, Emma Gatewood, mayi wa ana 11, ali ndi zaka 67 adayenda yekha njira ya m'mapiri yotchedwa Appalachian Trail, mtunda woposa makilomita 3,000, kwa miyezi pafupifupi isanu. Adanyamula thumba lodzisokera yekha, momwe mudali bulangeti, chovala cha mvula, chinsalu cha pulasitiki chotchingira mvula ndi zakudya zouma pang'ono. Sindikuti mutengere zonse, chifukwa iye thumbalo ankalikoleka paphewa limodzi, ndipo zimenezo zimapotokola msana. Koma anthu a kumeneko amene lero amalimbikitsa kuyenda ndi katundu wochepa amamutchulabe gogo ameneyu. Chomwe chidamupepukitsa sichidali mtengo wa chikwama, koma kuchepa kwa zimene adalola kulowamo.

Komabe pali zinthu zimene simuyenera kuzisiya chifukwa chofuna kupepuka, ndipo apa ndinena molimba. Madzi musachepetse. Nyamulani malita awiri paulendo wa tsiku lonse, ndi kupitirirapo m'chilimwe. Ngati mukadalira mtsinje kapena chitsime cha m'njira, madziwo aphitseni kapena muthiremo WaterGuard. Timapaketi tiwiri ta Thanzi sitilemera kanthu, koma timapulumutsa munthu amene watsegula m'mimba kutali ndi chipatala. Neti musaisiye ndi maganizo oti ndi usiku umodzi wokha. Udzudzu umodzi ndi wokwanira, ndipo malungo ake amadzakupezani patapita sabata kapena ziwiri muli kusukulu. Tochi ikhale yapayokha, chifukwa foni imatha moto nthawi imene mukuifunitsitsa. Juzi ipite ngakhale m'mawa kuli ng'aa, makamaka mu Juni ndi Julayi, poti pamwamba pa phiri sipafanana ndi pakhomo. Amene mudzakhale ndi mwayi wokakwera Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa ili mamita 3,002, mudzaziona zimenezi: kuli tinyumba togonamo moti tenti safunika, koma nkhungu ndi chisanu zimabwera mwadzidzidzi, ndipo anthu adatayikapo kumeneko. Kumalo otere tengani wokutsogolerani wodziwa njira.

Kuyenda awiri si mantha, komanso kumapepukitsa katundu. Ngati muli asanu, poto akhale mmodzi, mpeni waukulu umodzi, mankhwala thumba limodzi, kenako gawanani molingana ndi matupi anu. Wamng'ono musamusenzetse zambiri pongoti iyeyo ndi wotumidwa. Mafupa a mwana wa zaka khumi ndi ziwiri akadakula, ndipo udindo wa wamkulu paulendo n'kuonetsetsa kuti wofooka wafika. Musanalowe m'nkhalango yotetezedwa kadziwitseni a zankhalango, ndipo m'mudzi wa patsinde pa phiri kaonekereni kwa amfumu, munene kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Akuuzani kumene kuli njuchi, kumene kuli chitedze, ndi malo amene eni dera salola kupondapo. Zinyalala zanu zibwerere m'chikwama momwemo, ndipo moto wophikira uzimitsidwe ndi madzi kapena dothi mpaka phulusa lizizire, chifukwa udzu wa chilimwe suchedwa kuyaka.

Pali chenjezo lina la ife a m'malire, lomwe mwana wa kutali ndi malire mwina sangalimve msanga. Chikwama chachikulu chokhala ndi mpata chimaitana anthu. Muli pa depoti kapena pafupi ndi chipata, wina wooneka waulemu amabwera n'kunena kuti, mwanawe, tandiikirako kaphukusi aka, ukakandipatsa kutsidyako, ndikugulira fanta. Kanani, ngakhale akhale wamkulu ngati ine. Kaphukusi kakapezeka ndi chamba kapena katundu wozembetsa, lamulo limagwira mwini chikwama, ndipo uja adakupatsani amakhala atazimiririka. Chikwama chaching'ono chodzaza bwino chimakupatsani poyankhira mwaulemu, kuti pepani bambo, malo mulibe. Chipata cha Mwami chidamangidwa mwatsopano n'kutsegulidwa mu Disembala 2022 kuti za mayiko onse awiri zizithera pamalo amodzi. Dutsani pomwepo, ndi chiphaso chanu cha unzika pamodzi ndi pasipoti kapena chiphaso chowolokera malire, osati njira za m'tchire. Ziphaso ndi ndalama zisakhale m'thumba lakunja la chikwama, makamaka m'chikhamu cha ku Mkaika kapena ku Mtenguleni. Zikhale pathupi panu, ndipo pothithikana chikwama chibwere kutsogolo, pachifuwa.

Mukafika kogona, chikwama chisagone pansi. Chikolekeni pamsomali kapena panthambi, chifukwa chiswe chimatha kuboola nsalu usiku umodzi wokha, ndipo linthumbu likamva fungo la chakudya limalowa ndi m'zofunda zomwe. Mukabwerera kunyumba chikhuthuleni chonse tsiku lomwelo, muchitembenuze, muchikung'unthe. Nyenyeswa za mtedza ndi chigumu zotsalira m'makona ndizo zimaitana makoswe, ndipo zikwama zambiri zabwino zimathera pa iwowa, osati m'phiri. Chapani ndi madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osachipikicha pamwala, ndipo chiume pamthunzi chili chotsegula, poti dzuwa lamphamvu limafoola nayiloni. Zipi ikayamba kulimba ichotseni fumbi ndi mswachi wakale, kenako muipake kandulo m'mano mwake. Msoko umene wayamba kumasuka upite kwa wosoka sabata yomweyo, usadikire usiku wokonzekera ulendo wina.